Phazi lopondera m'mbali

Ndinali ndi zaka ngati zisanu ndi zinayi, chaka chimene madzi anachedwa kuphwa kwathu kwa Mlolo. Tinkapita kudimba pa bwato, ndipo amayi ankandiletsa kudumpha bwato lisanakocheze. Tsiku lina ndinadumpha. Phazi lamanzere linalowa pakati pa mizu iwiri, thupi n'kupitirira, ndipo ndinamva kanthu kakuthyoka pa kakolo.

Sindinauze munthu. Ndinkaopa a Fombe, mkulu amene ankalumikiza mafupa m'mudzi mwathu. Ndinali nditamvapo mwamuna wandevu akulira m'manja mwawo ngati mbuzi. Masiku atatu ndinabisa mwendo mu nsalu, n'kumayenda mopondera m'mbali mwa phazi, ndikuluma mlomo.

Anandigwira ndi bambo anga, a Zuze. Iwo ankakhala pakhonde nthawi zambiri chifukwa kuyenda kunkawavuta. Ali mnyamata ankanyamula azungu pa machila kuchokera kudoko la sitima, ndipo anathyoka kakolo ali pa ulendo. Kapitawo sanalole kuti aime. Fupa linagwirana lokha, phazi litapendekera kunja.

M'mawa wa tsiku lachinayi anandiitana.

"Malita, tayenda kuchoka pano mpaka pa mtondo apo."

Pabwalo panali chinyezi. Ndinayenda mowongoka mmene ndikanathera, thukuta likutsika kumsana. Iwo sanandiyang'ane nkhope. Ankayang'ana pansi pomwe ndaponda. Phazi lamanja linadinda lonse, zala ndi chidendene. Lamanzere linangosiya kamzere ka m'mbali.

"Wavulala liti?"

"Ndi minga chabe, baba."

Sanandikalipire. Anakweza nsalu yawo n'kundionetsa mwendo umene ndinkauona tsiku ndi tsiku koma osauyang'anitsitsa. Kakolo anali wotupa mbali imodzi, wolimba ngati mfundo ya mtengo. Khungu la kuphazi linali lokhuthala mbali yomwe ankapondera, kwinako lofewa ngati la khanda. Bondo nalo linali litapotokera mkati.

"Zaka khumi ndinkayenda bwinobwino, ndikuseka amene ankandichenjeza," anatero. "Kenako nyamakazi inalowa mbali iyi imene imasenza thupi lonse. Inakwera m'bondo, lero ili m'chiuno. Vundukula mwendowo."

A Fombe atafika anapapasa kakolo wanga nthawi yaitali. Anayerekeza miyendo yanga iwiri, kuyambira pa bondo kutsika ndi msongolo mpaka pa chala chachikulu.

"Layamba kugwirana mokhota," anauza bambo. "Tikalisiya, achira msanga, koma aziponda ngati inu. Ndikalikoka lero, alira kwambiri, ndipo sindilonjeza kuti liwongoka."

Amayi anati andisiye, poti mwana ndi mwana, adzawongoka akamakula.  Koma bambo anadzikoka pansi mpaka pamene ndinali, n'kundikumbatira kuchokera kumbuyo, manja anga atawapana ndi awo. Ndinkamva mtima wawo ukugunda pamsana panga.

"Kokani," anatero.

Za ululuwo ndimangokumbukira kuti ndinawaluma pa mkono mpaka magazi, ndipo sanandisiye. A Fombe anamanga mwendowo ndi bango ndi luzi. Mwezi wathunthu ndi theka sindinaponde pansi, ndipo masiku ambiri mwa amenewo sindinkawayankhula bambo. Atamasula bango, mwendo unali wowonda, wotuwa, koma phazi linakhala pansi lonse.

Bambo anamwalira patapita zaka zisanu ndi chimodzi, osafikanso kudimba kwawo. Ine lero ndakalamba, nyamakazi yandigwira zala za m'manja, koma kumsika ndimapita ndekha wapansi. Ndinazindikira mochedwa kuti kakolo amene akupweteka munthu pa ukalamba amakhala atayamba kudyeka kalekale, tsiku limene phazi linayamba kuponda mokhota. Ndinazindikiranso kuti m'mawa umene uja panali munthu mmodzi yekha amene ankadziwa mtengo wa kundimvera chisoni. Bambo angawo ndinawakwiyira mwezi wonse, ndipo sindinawathokoze ali moyo.