Efulemu ndi Njinga ya Mkulu Wake

Sindinamvetse konse chifukwa chimene Efulemu wa ku Mitundu sanaphunzirire kupalasa njinga. Wopalasa anali mkulu wake Isake. Efulemu ankangokhala pakaliyala atakumbatira mtolo wa fodya, n'kumalamula: "Achimwene, dzenje ilo!"

Mu 1954 Isake anamenyedwa ndi chibonga pamowa ku Nathenje akuleretsa ndewu ya eni, ndipo anafera pomwepo. Pamaliro akazi anagubuduka, amuna anasisima, koma Efulemu m'maso muli gwa. Kwathu mbale akapanda kulira amati akudziwapo kanthu. Pofika tsiku lometa, anthu anali atayamba kunong'ona kuti ndiye anakonza imfayo.

Zipora, mkazi wa malemuyo, anamuuza poyera: "Alamu, lirani ngakhale pang'ono. Mukufuna akupirikitseni pamudzi?"

"Ndikuyesa, alamu. Misozi sikubwera."

Anayesadi. Ankakankha njinga ija kupita kumaliro alionse pakati pa Mitundu ndi Nathenje, kukaonera mmene anzake amachitira. Anakoka fodya wa m'mphuno, koma anangoyetsemula abusa ali pakati pa pemphero. Anadzipaka tsabola m'maso, misozi n'kutuluka, koma Zipora ananunkhiza nati, "Izi ndi ndiwo, alamu, si chisoni." Kumishoni anatiphunzitsa kuti mwamuna amalira mumtima, koma mumtima anthu a m'mudzi saonamo.

Tsiku lina la msika, atatopa, anaima pakhomo pa sitolo ya Athumani. Mosaganiza anakhala pakaliyala nati, "Tiyeni, achimwene." Njinga sinasunthe. Anadikira ndithu. Kenako anakweza miyendo monga ankachitira kale, njinga n'kugwa naye. Ali chigonere m'fumbimo analira mokuwa, mpaka ogulitsa nyemba anasiya malonda. Zipora anathamanga kukaitana mboni, ndipo zonong'ona zinathera pomwepo.

Vuto linali lakuti sanasiyenso. Analira paukwati wa Esau wa m'mudzi momwemo, analira ng'ombe ya mnansi itabereka. Sindimutama ayi, chifukwa kulira kwake kunali koipa, ngati mbuzi yokoledwa ndi chingwe. Omwe aja ankamuda chifukwa chosalira anayamba kumupempha kuti azikalirira kudambo.

Mvula ya 1956 itayandikira, anasiyira Zipora khasu lake natuluka m'mudzi. Ena amati anamuona ku Diamphwe, ena amati analowera ku Dzalanyama. Chimene onse amagwirizana n'chakuti njingayo ankaikankhabe, pachishalo popanda munthu.