Madziwe a ku Kabulonga

Ntchito yozimitsa moto ndinaipeza kudzera mwa amalume, amene anamva kutchalitchi ku Kabwata kuti akulemba anthu. Ndinapita ndi nsapato zobwereka, ndinathamanga, ndinakwera makwerero, basi ananditenga.

Mkulu wa gulu lathu anali ba Tembo, ndipo anali ndi khalidwe lina londitopetsa zedi. Tikamaliza kuyendera mipopi yathu ya m'mbali mwa msewu, m'malo mobwerera kukadya, ankaimitsa galimoto pamageti a ku Kabulonga n'kuyamba macheza ndi alonda.

"Muli shani ba mudala? Dziwe ya abwana ikali na manzi?"

Ine njala ili m'mimba, ndinkangoti mumtima, koma mkulu ameneyu ndi waulesi!

Tsiku lina masana, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, moto unabuka m'nyumba ya antchito kuseri kwa nyumba ina yaikulu. Mayi wogwira ntchito pamenepo anatithamangira akulira kuti bambo ake, ofa ziwalo, ali m'chipinda chakumapeto. Polowera panali malawi okhaokha. Tinathira madzi, koma posakhalitsa thanki inauma. Ndinathamangira kumpopi wa pamsewu, ndinatsegula ndi kiyi, munangotuluka mpweya. Pawailesi anati galimoto ina yamadzi ili kutali, ku Chelstone.

Ba Tembo sanadikire, anandikuwira.

"Iwe Mwale na anzako, nyamulani pampu! Nyumba yachitatu, geti yobiliwila!"

Eni nyumbayo kunalibe, ndipo mlonda, ba Mulenga, analamulidwa kuti asalowetse munthu aliyense. Koma atangomva kuti atituma ndi ba Tembo, anatsegula osafunsa, n'kutilondolera kudziwe losambiramo. Tinaponyamo paipi yokoka yokhala ndi sefa kumapeto, tinalumikiza mapaipi atatu kudutsa pampanda, ndinakoka chingwe cha pampu. Kachiwiri inalira, madzi anafika, malawi a polowera aja n'kuchepa. Anzathu awiri analowa, n'kutulutsa nkhalamba ija m'bulangeti lonyowa, ikutsokomola koma yamoyo.

Pobwerera ndinawafunsa ba Tembo kuti anaganiza bwanji msanga chonchi. Anaseka.

"Sininaganize lelo, mwana wanga. Ninaganiza pamene iwe unali kulila njala."

Patapita zaka ba Tembo anatisiya, ndipo ndimawasowa kwambiri. Lero gulu ndimatsogolera ndine. Ndikaimitsa galimoto pageti, ndimamva anzanga akung'ung'udza kumbuyo. Ndimangowasiya, n'kutsika kukapereka moni kwa mlonda.