Makina Amene Anandilanda Loweruka

Ntchito yanga ku mgodi inali yoyendetsa galimoto za akuluakulu a mu ofesi. Makalata onse ndili nawo m'bokosi lachitsulo, kuyambira yondilemba ntchito mpaka yondipumitsa, ndipo palibe ngakhale imodzi yonena kuti ndinatulutsapo galimoto yalitsiro pageti. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti wodandaula pano si munthu woti wayamba dzulo kugwira nsanza.

Mwana wanga wamkazi, wachisamba, atagula galimoto yake ankabwera nayo Loweruka lililonse kuchokera ku Pamodzi, ku Ndola, kudzationa kuno ku Garneton. Msewu wolowera kwathu ndi wafumbi lofiira, choncho inkafika itasintha mtundu. Woitsuka ndinali ine, ndipo kutsuka kwanga si kothamanga. Galimoto sithiridwa madzi injini ikadali yotentha. Sitsukidwanso padzuwa, chifukwa sopo amaumira pa penti. Ndinkaiimika pansi pa mtengo wa mapeyala kuti izizire kaye. Kenako ndinkayambira padenga kutsikira pansi, ndowa ina ya sopo, ina yotsukuluzira nsanza, matayala pomaliza ndi nsanza yawoyawo. Pofika popukuta ndi chikopa chofewa, dzuwa linkakhala litapendeka.

Nthawi yonseyo mwana ankakhala ali pakhomo. Ankayambira kukhitchini kwa amayi ake, kenako n'kubwera kumtengo kuja. Mwana wamkazi sakhala pabalaza n'kumayang'anizana ndi atate ake kuti awauze zakukhosi. Koma ine manja ali m'thovu, maso ali pa tayala, ankalankhula. Ndinkamva za kuntchito kwake, za anzake omudyera miseche, ngakhale za mnyamata wina amene ankamufuna ukwati.

Mnyamatayo ndiye anamukwatira. Makolo ake anachokera ku Malawi, agogo ake anali kalaliki pa mgodi, iye amagwira mu ofesi. Ndilibe naye mlandu. Amanjuta popereka moni, sandiyang'ana m'maso, sakhala pampando ine ndili chiimire. Ulemu wake womwewo ndi umene unandipweteka.

Atabwera koyamba ngati banja, woyendetsa anali iye. Nditatuluka ndi ndowa zanga, anadzuka pamene anakhala n'kukabisala kuseri kwa nyumba. Anauza mkazi wake, mkazi wake anauza amayi ake, amayi ake anandiuza ine, kuti sizingatheke apongozi kutsuka galimoto imene mkamwini wakhalamo, kwawo akamva adzati sanalangidwe. Ndinayankha kudzera njira yomweyo kuti galimotoyo ndinayamba kuitsuka iye asanadziwe ngakhale fungo lake. Ndinaitsuka ndithu. Iye sanatuluke kuseriko mpaka ndinataya madzi omaliza.

Loweruka lotsatira anafika wapansi. Nditafunsa za galimoto, mwana anati aitsukitsa kale pa makina ku Ndola, ndipo aisiya kumsewu wa tala, pafupi ndi golosale, kuti isadetsedwenso ndi fumbi lathu. Fumbi lathu! Fumbi limene anakulira iye mwini. Anamwa tiyi, anafunsa za mwendo wa amayi ake, kenako mkamwini anayamba kuyang'ana pa foni, akuti galimoto ili yokha kumsewu. Isanakwane thwelufu anali atapita. Zinapitirira choncho mpaka mvula inayamba. Ndowa zanga zinayamba kutungira madzi a nkhuku.

Ndinalamula kuti akandionetse makinawo. Ananditenga, ine pampando wakutsogolo, mwana kumbuyo. Tinalowa m'chinyumba chotseguka mbali zonse ziwiri, magalasi otseka, injini yozima. Thovu linagwa ngati mvula ya matalala, zimaburashi zazitali kuposa munthu zinabwera zikuzungulira uku ndi uku, kenako chimphepo chinaumitsa zonse. Mwana ankaseka ngati mmene ankasekera ali wamng'ono ndikamukweza pa njinga.

"Atate, mwaona? Tisanamalize n'kulonjerana komwe, yayera kale."

Ndinatsika. Ndinapititsa chala kuseri kwa kagalasi kam'mbali, pansi pa chogwirira chitseko, m'mphepete mwa nambala. Ndinkafuna litsiro ndi mtima wanga wonse. Chala chinabwera choyera. Mkamwini anaima patali, manja kumbuyo, akulankhula Chibemba chapansipansi ndi mwini malo, osadziwa kuti wandichita chiyani. Ndinapempha lisiti, poti pepala sinditaya, koma m'bokosi ndinaliika pansi penipeni, kutali ndi makalata anga.

Kunyumba ndinauza mkazi wanga kuti maburashi amenewo adzatha penti pang'onopang'ono, adzaona okha. Iye ananena kuti pa zaka zonse za ukwati wathu sindinamuchitirepo nsanje ngati imene ndikuchitira chitsulo. Chitsulocho chinkaona mwana wanga Loweruka m'mawa ine ndisanamuone, ndipo ndicho chinkanena nthawi imene achoke pakhomo panga.

Ndinaganiza kwa masabata angapo, ndipo ndinapeza kuti mwambo umene unandimanga ukhozanso kumanga mwini wake. Atabweranso wapansi, sindinatume munthu. Ndinamuitana mkamwini pakhonde, iye n'kukhala pansi pasimenti.

"Mkamwini," ndinatero, "mwati mwambo sulola kuti ine nditsuke galimoto yanu. Ndavomera. Koma mwambo womwewo umati mkamwini amagwira ntchito pakhomo pa apongozi ake. Kamunda kanga n'kakang'ono, ndimakatha ndekha. Ntchito yanu ndi iyi: galimoto izilowa pano ndi fumbi lake, muziitsukira pansi pa mtengo uwo, ndi ndowa zanga, mmene ndimatsukira ine."

Ndinkayembekeza kuti awiringula. Nkhope yake inawala. Anaomba m'manja n'kunena kuti kuyambira tsiku la ukwati ankadikira kuti ndimupatse ntchito, ndipo ankaopa kuti mwina sindimuwerengera ngati mwana wa pakhomo.

Tsopano galimoto imalowa mpaka kumtengo, yofiira bwinobwino. Amadikira kuti injini izizire. Amayambira padenga. Ndinamuuza kamodzi kokha za nsanza ya matayala ndipo sanalakwitsepo, zimene zimandikwiyitsa kuposa akanalakwitsa. Sachoka dzuwa lisanapendeke. Zimene ndinkafuna ndinazipeza, ndipo anansi amati ndili ndi mwayi.

Koma mkamwini sangagwire ntchito apongozi atamuimirira pamsana. Amanditulutsira mpando pakhonde, amaupukuta, amandibweretsera tiyi. Kuchokera pamenepo mpaka kumtengo ndi patali ndithu kwa makutu a msinkhu wanga. Ndimaona mwana atagwira paipi yodzazira ndowa, akumuwaza mwamuna wake madzi dala, kenako onse awiri ataweramitsa mitu akukambirana zinazake mosaseka. Mawu safika.

Mwezi wathawu, atapita, mkazi wanga anandiuza akutsuka makapu kuti kuntchito ankafuna kumusamutsira mwana ku Solwezi, ndi udindo wokwera, ndipo wakana. Ndinafunsa kuti zinayamba liti. Anati kalekale, akhala akukambirana Loweruka lililonse kumtengo kuja, mwana mpaka analirapo. Nkhani yaikulu chotero inayamba, inakula, inatha, ine ndili pakhonde ndi kapu m'manja.

Ndinati bwenzi atandifunsa. Mkazi wanga anati mwana ali ndi womufunsa tsopano, ndipo ndizithokoza kuti wakana. Ndikuthokoza. Koma mpando uja ndayamba kuusendeza pang'ono sabata iliyonse, ndipo panopa miyendo yake yakutsogolo yatsika kale pakhonde.