Fumbi pa Malaya Oyera

Chaka chimene boma latsopano linati sukulu ya pulayimale ikhale yaulere, ana anakhamukira ku sukulu ngati ngumbi, aphunzitsi n'kuchepa. Umu ndi mmene ine, mwana wa tenanti wa pa esiteti ya fodya kufupi ndi Mitundu, ndinapezekera ndagwira choko. Za uphunzitsi anangotilawitsa masabata ochepa, kenaka ananditumiza ku sukulu ina cha ku Nathenje. Anandipatsa Sitandade 3, pansi pa mtengo wa mango, bolodi litatsamira pa thunthu.

Ahedi anatiuza mosapsatira kuti amene alangizi a maphunziro adzamupeze akulephera, ntchito yake yathera pomwepo. Kwa ine zimenezo zinatanthauza kubwerera ku chigafa kukasoka fodya, anzanga akunong'onezana kuti madamu aja abwerera. Kunena zoona, ndinkaopa manyaziwo kuposa fodyayo.

Tsiku lobwera alangizi linagwera pa phunziro la Chingerezi, mawu a ntchito zaukhondo: kusesa, kukolopa, kuchapa. Chingerezi changa chinali chotsimphina. Sabata yonse ndinkayenda ndikudziyankhulira ndekha panjira ya ku mjigo, "sweep, sweeping, swept," mpaka amayi ena anafunsa ngati ndayamba kupemphera m'malilime. Ana ndinawazoloweza kuti ndikatchula mawu, iwo azichita ntchitoyo ndi manja opanda kanthu, uku akunena chimene akuchita. Tinayeserera mpaka zinalowa.

Pa sukulu pathu mwana aliyense ankabwera ndi tsache lake, ndipo akatha kusesa m'mawa ankaunjika masachewo kuseri kwa ofesi. Koma tsikulo ahedi, nawonso mantha atawagwira, anasesetsa ana mpaka njinga yamoto ya alangizi inamveka kumsewu. Belu litalira, ana anathamangira ku mtengo, aliyense tsache lili m'manja, n'kulikhalira. Ine mtima unali m'mwamba, sindinaone kanthu.

Unali mwezi wa Okutobala, nthaka itauma gwa. Alangiziwo anali bambo wamtali wosaseka, atavala malaya oyera mbee. Anakhala pa mpando kumbuyo kwa ana, kope lili pa bondo. Ndinapereka moni, ndinalemba mawu anga pa bolodi, kenaka ndinakweza mawu: "Sweep the ground!"

Mayo ine! Kalasi yonse inadzambatuka ndi masache enieni. Ana anasesa ndi mtima wonse, akukuwa "I am sweeping! I am sweeping!" Fumbi lofiira linakwera mpaka m'masamba a mango, ndipo mphepo inalitengera komwe kunali mlendo. Ndinakuwa kuti asiye, koma ndani akanandimva? Ndinangomva alangizi akutsokomola mkati mwa fumbimo. Pamene ana anakhala pansi, malaya aja anali ofiirira, nsidze zawonso chimodzimodzi. Ndinapsa mtima ndi ahedi, ndi ana, ndi mphepo yomwe, koma ndinamaliza phunzirolo chifukwa kothawira kunalibe.

Atatha kulemba, alangizi anandikodola. Ndinapita n'kugwada pambali pa mpando.

"Dzukani, aphunzitsi, simuli pa mlandu," anatero akupukuta kumaso ndi kampango. "Ana amenewa munawauza m'Chichewa kuti asese?"

"Iyayi, bwana. Pepani kwambiri, sindimadziwa kuti masache ali nawo."

"Ndayenda sukulu zingapo mwezi uno. Ana amabwereza mawu bwinobwino, koma ukawauza kuti achite, amangokuyang'ana. Anuwa amva. Umboni ndi uwu ndavalawu." Anadzikuntha paphewa, fumbi n'kutuluka. "Matchulidwe anu akufunika kuwongola, ndipo ndalemba kuti mupitirize kosi. Koma ulendo wina muziyamba mwawaza madzi, mayi. Ena tili ndi chifuwa."

Sindikumbuka chimene ndinayankha. Ndikukumbuka kuti njinga yawo itachoka ndinakhala pa muzu wa mango ndikuseka misozi ili chuchuchu. Mpumulo ngati umenewo sindinaumvepo. Ana anandizungulira, poganiza kuti alakwa kwambiri. Mtsikana wina wa kutsogolo analimba mtima.

"Madamu, akuchotsani ntchito chifukwa cha ife?"

"Iyayi," ndinatero ndikudzipukuta ndi nsonga ya chitenje. "Kazipitani kwanu. Mawa mundipeza pompano, ndipo aliyense abwere ndi kachigubu ka madzi."