Tsiku Limene Ba Gilson Anasanduka Thumba

Ngati munakulira ku Kabwata m'zaka za m'ma 1970 ndipo mumatha kupalasa njinga, musanamize anthu kuti munaphunzira nokha. Anakuphunzitsani ndi Ba Gilson Daka. Ine Keziah, amene ndinakhala nawo khomo loyandikana zaka zambirimbiri, anandiphunzitsa ndili kale mayi wa ana atatu, ndipo chipsera cha pabondo langa chikadalipo.

Ba Gilson anabwera ku Lusaka kuchokera ku Katete chaka chimene tinalandira ufulu. Anapeza ntchito ya umesenjala ku maofesi a boma ku Longacres, kumene anawapatsa yunifolomu ya kaki ndi njinga yakuda, yolemera ngati chitseko cha tchalitchi. Anali munthu wamtali, wamafupa akuluakulu, wosaseka wamba. Tsiku lonse ankazungulira tauni ndi makalata, ndipo ankadzitama kuti pa Cairo Road sanagwepo ngakhale kamodzi. Kaya n'zoona, ine kunalibe.

Uphunzitsi wawo unayamba ndi mkwiyo. Loweruka lina anaona bambo wina akukankhira mwana wake panjinga kumtsetse, n'kumusiya kuti aphunzire ndi kugwa. Mwanayo anakathera mu ngalande. Ba Gilson analanda njingayo, nauza bamboyo kuti abwere naye mwanayo pabwalo la mpira kuseri kwa sukulu. Sabata yotsatira kunabwera ana a m'misewu itatu.

Anali ndi kaphunzitsidwe kawokawo. Choyamba ankamasula mapedulo n'kutsitsa chishalo, kuti uziyenda ukupondaponda pansi mpaka thupi litazolowera. Kenaka mabuleki. Kupalasa kunkabwera pomalizira penipeni, chifukwa ankati chitsiru chilichonse chimatha kuthamanga, koma kuima ndiye nzeru. Ana ankabwera Loweruka masana. Ife akuluakulu tinkabwera m'mamawa, anthu otiseka asanadzuke. Mabanja ankawaphunzitsa pamodzi, ndipo bambo sankaloledwa kunyamula mkazi kapena mwana asanazungulire bwalo ndi thumba la mchenga pakaliyala, kachitsulo kokhalapo kumbuyo kaja. Wonyamulidwa nayenso anali ndi lamulo lake, limene tonse tinaliloweza pamtima.

"Iwe wakumbuyo ndiwe thumba," ankatero. "Thumba siliwongolera, thumba silipereka malangizo. Khala chabe."

Munthu mmodzi yekha mu Kabwata monse ndiye anawakanika: mkazi wawo. Mayi Virginia anali mayi wonenepa bwino, wofatsa, wa Chigwirizano cha amayi ku tchalitchi cha Reformed. Anakulira kwa anthu amene ankati mkazi wodzilemekeza sadumpha mtanda wa njinga. Lamlungu lililonse ankakhala chammbali pakaliyala, miyendo pamodzi, buku la nyimbo pamiyendo, amuna awo akupalasa. Ndikawanyogodola ankangoseka.

"Nanga ndinakwatiwiranji, Keziah, ngati ndizipalasa ndekha?"

Zinthu zinatembenuka Ba Gilson atapuma pantchito, zaka zija tinkaima pamizere kudikira sopo ndi mafuta ophikira. Njinga ija a kuntchito anawasiyira ngati mphatso. Anali ndi matenda a shuga osadziwa, ndipo kachilonda kakang'ono pakakolo, kamene pedulo inawakanda, kanakana kupola. Kanakula, kanada, kenaka kanayamba fungo. Kuchipatala chachikulu nesi wa mabala sanabise mawu. Anati chilondacho chiyenera kutsukidwa ndi kumangidwa m'mawa uliwonse, ndipo akamadumphitsa masiku mwendo udulidwa pansi pa bondo. Anawaletsanso kupalasa ndi kuyenda mtunda.

Chipatalacho sichili kutali kwa munthu wa miyendo iwiri. Koma mabasi nthawi imeneyo ankabwera mochita kuwapempherera, ndipo akafika anthu ankalowera pawindo. Munthu wa bala akanapondedwa asanafike pachitseko. Mwana wawo Ezekiel anali kumigodi ku Kitwe. Wina anabwera ndi wilibala, koma Ba Gilson anati iwo si chidakwa choti azikankhidwa mumsewu anthu akuona.

Ndiye panabwera Ba Chalwe, telala wa pamsika, amenenso anaphunzira njinga kwa iwo. Anawakweza pakaliyala. Apa m'pamene chinthu chimene palibe anachiganizirapo chinaonekera poyera: Ba Gilson, mphunzitsi wa Kabwata yense, anali asananyamulidwepo panjinga chibadwire. Ba Chalwe akakhotera kumanzere, iwo ankapendekera kumanja. Ankasuzumira paphewa, kukoka malaya, kulamula mabuleki. Asanafike n'komwe pa Burma Road onse awiri anali m'ngalande, bala litang'ambika.

"Shani, ba Keziah, muntu uyu ningamupaye," anandiuza Ba Chalwe m'Chinyanja chawo cha m'tauni, akupukuta magazi pachigongono. "Afuna kuchova ali kumbuyo. Sinizayesa futi."

Mbiri inamveka, ndipo palibe wina anadzipereka. Mayi Virginia anayesa kuwakhazika pachishalo n'kumakankha njinga wapansi. Anafika dzuwa lili pamutu, mabandeji a tsikulo atathera anthu olawirira. Anabwerera osamangidwa. Masiku angapo anadutsa choncho, ndipo fungo lija linayamba kumveka ngakhale pakhonde langa. Kunena zoona ndinachita mantha, ndipo ndinawakwiyira bambowo chifukwa cha liuma lawo. Ndinkati ndikawaona atakhala pampando ndi mwendo wotupa uja, mtima unkandiwawa.

M'mawa wina ndinamva kugogoda. Anali Mayi Virginia, atagwira njinga yakuda ija. Pansi pa chitenje pankaoneka buluku la kaki la amuna awo, atalipinda kumapazi.

"Usaseke," anatero. "Tiye ukandigwirire kumbuyo."

Sindinaseke, ngakhale kuti m'mimba munkandiwawa ndi phwete. Ba Gilson tinawagwiriza mpaka pabwalo, tinawakhazika pampando, mwendo tinautsamiritsa pa ndowa. Anawayang'ana akazi awo nthawi yaitali, kenaka anaitanitsa sipanala namasula mapedulo.

Sanawachitire chifundo ngakhale pang'ono. "Amake Ezekiel, musayang'ane tayala, tayala si m'bale wanu. Yang'anani kumene mukupita." Ine ndinkathamanga pambuyo nditagwira kaliyala, mpweya uli phuuphuu. Mayi Virginia anagwa kangapo, anadzuka, anasasa fumbi. Pobwerera tinkatsuka bala lija ndi madzi a mchere, monga nesi anatiuzira kuti tizichita zikavuta, koma tonse tinkadziwa kuti sizikukwanira. Amayi ena a kutchalitchi anayamba kudutsa dala pafupi ndi bwalo, ati akupita kumsika, chikhalirecho msika uli mbali ina. Mmodzi anafika pofunsa ngati buluku n'loyenera mayi wa Chigwirizano. Mayi Virginia anayankha mofatsa kuti mayiyo awabwereke galimoto, buluku avula pomwepo.

Sabata isanathe anali akuzungulira bwalo ndi thumba la mchenga. Njinga inkapita kumene iwo akufuna. Ba Gilson anati pakufunika sabata ina. Mayi Virginia analoza mwendo uja, umene kutupa kunali kutakwera mpaka pakatumba, nati sabata inayo kulibe.

Mawa lake tinanyamuka kukungocha. Ine ndinabwereka njinga ya amuna anga kuti ndiziwatsata. Ba Gilson anakhala pakaliyala atatambalala, mwendo wodwala utakulungidwa nsalu, nkhope ili gwaa ngati akupita kukhoti. Mayi Virginia anaponda pedulo, njinga inagwedera kawiri, kenaka inawongoka. Ndinati zatheka.

Tisanathe ngakhale msewu wathu, matenda aja owongolera ali kumbuyo anayamba. Mutu wa Ba Gilson unatulukira kudzanja lamanja la akazi awo, kenaka kumanzere.

"Dzenje ilo, amake Ezekiel. Buleki, buleki. Yakumbuyo, osati yakutsogolo."

Pokhotera mumsewu waukulu anapendekera kwina, njinga inayamba kuvina, ndipo tayala lakutsogolo linalunjika kungalande. Mayi Virginia anagwira mabuleki onse awiri, monga anawaphunzitsira, naponda pansi. Anaima chala chimodzi kuchokera m'mphepete.

Sanakalipe. Anatsika, anapatsa ine mahandulo kuti ndigwire, namasula duku kumutu kwawo. Mayi amene sindinawaonepo panja mutu uli pamtunda. Analipinda bwinobwino dukulo.

"Atate ake Ezekiel, wakumbuyo ndi ndani?"

Bambowo anayang'ana kumbali. Anthu opita kuntchito anali atayamba kuchepetsa mayendedwe kuti aone.

"Ndafunsa, wakumbuyo ndi ndani?"

"Thumba," anayankha chapansipansi.

"Thumba lili ndi maso?"

Mayi Virginia anawamanga dukulo kumaso, mfundo kumbuyo, natenga manja awo n'kuwaika m'chiuno mwawo.

"Zaka zonsezi ine ndakhala pamenepo, sindinakufunsenipo kuti mwaliona dzenje kapena ayi. Lero ndi inu. Mwendo uwu ndikuufuna pakhomo panga."

Anakweranso. Ndikukuuzani, njinga ija inayenda ngati yanyamula mchenga weniweni. Tinadutsa pamsika anthu akuloza, ena akuseka, Ba Chalwe ataima pakhomo pa shopu yawo tepi ili m'khosi, pakamwa pali yasa. Ba Gilson sanaone chilichonse cha zimenezi, ndipo mwina n'chimene chinawapulumutsa. Tinafika mzere wa mabala usanatalike. Nesi atamasula nsalu anapukusa mutu, nati tikanachedwa pang'ono akanawatumiza kwa dokotala wa mpeni. Ine ndinatuluka panja, ndinakhala pansi pa mtengo n'kulira.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse unali womwewo, mvula kaya dzuwa. Kabwata inatopa kuseka, inazolowera. Duku la kumaso analisiya patapita milungu ingapo, Ba Gilson atalonjeza kuti azitsinzina okha pokhota. Amayi awiri a Chigwirizano anabwera kwa ine mwakachetechete kufunsa kuti maphunziro a m'mamawa aja amayamba nthawi yanji, ndipo mmodzi wa iwo anali wa funso la buluku uja.

Bala linauma pang'onopang'ono, kuyambira m'mbali. Tsiku limene nesi anati asabwerenso ndinali nawo, chifukwa ndinapita kukatenga mankhwala a mwana. Nesiyo anagogoda chipsera ndi chala, nati mwendo ndi wawo, ayende nawo, ngakhale kupalasa angathe bola pang'onopang'ono. Ba Gilson anaimirira, anaponda pansi mwamphamvu kawiri, natulutsa mpweya wautali. Sindinawaonepo akumwetulira choncho.

Panja, Mayi Virginia anamasula loko, anatembenuza njinga, napereka mahandulo kwa mwini wake.

"Nayi njinga yanu, atate ake Ezekiel. Ine ndabweza."

Ba Gilson anagwira handulo imodzi, anaisisita pamene utoto unatha ndi dzanja lawo. Kenaka anaisiya, anazungulira kumbuyo, nakhala pakaliyala.

"Palasani ndinu, amake Ezekiel," anatero, akuika manja m'chiuno mwa akazi awo. "Lero ndipenya. Zaka zonsezi ndinkangoona maenje, tauni ino sindinaione."