A Pamwamba ndi Denga la Anamwino

Amuna anga anthu amawatchula kuti a Pamwamba. Dzinali linabwera lokha, chifukwa kwa zaka makumi awiri aliyense wowafuna ankayenera kukweza maso. Umawapeza ali padenga la wina, sipanala ili pakamwa, akupotokola eliyo. Anayamba kale, nthawi ya ma TV a chimsana aja amene ankaonetsa mchenga wokhawokha. Atabwera madekoda, amisiri anzawo ambiri anagwira njakata. Iwo anagula dekoda yawoyawo n'kuimasula patebulo lodyera, ife sabata yathunthu tikudyera pamiyendo. Ndinalongolola mpaka kukamwa kuuma, koma ataimvetsa, dera lonse linayamba kuwafuna.

Ntchitoyi ankagwira ndi achimwene anga. Imafuna anthu awiri: wina amakwera kukatembenuza eliyo, wina amatsala pa TV n'kumakuwa manambala amene dekoda ikuonetsa. Ankasinthana. Chaka chatha, tsiku lina kunja kukuwomba mphepo, anakwera anali achimwene. Paipi ya eliyo inawapulumuka n'kugunda mawaya a magetsi. Amuna anga anali m'nyumba akuwerenga manambala, ndipo chimene anaona n'chakuti TV yazima basi. Anatuluka akudandaula kuti magetsi athimanso.

Maliro atatha anabwerera ku ntchito, poti ana sadya chisoni. Ine ndinayamba kumasiya benchi yanga ya zovala kumsika n'kumawaperekeza. Iwo ankauza anthu moseka kuti mutu umodzi susenza denga, choncho alemba ganyu abwana awo akunyumba. Anthu ankaseka. Ine sindinkaseka, chifukwa ndinkaona zimene anthuwo sankaona. Makwerero ankafika pakhomo la kasitomala ali omangidwa panjinga, ndipo ankabwerera ali omangidwa chomwecho.

Kale ankati akangofika, moni pang'ono, ali kale padenga. Tsopano amayambira kuseri kwa TV. Amagwada, n'kuyamba ndi pulagi ya kukhoma. Kenako adaputala, kenako chingwe chochoka ku dekoda kupita ku TV, kenako kamutu kachitsulo ka chingwe cha eliyo, kamene kamakonda kukhwefuka amayi akamasesa. Akatero amatsata chingwecho ndi zala, pang'onopang'ono, kuseri kwa kabati, pansi pa kapeti, mpaka pabowo pamene chatulukira panja. Makasitomala amawayamikira kudekha, ati kuona maso a nkhono n'kudekha. Sadziwa kuti munthuyo akupemphera kuti vuto lipezeke pansi.

Ndipo nthawi zambiri limapezekadi pansi. Pena khoswe watafuna chingwe, pena chitseko chachipana, pena wina analumikiza zingwe ziwiri ndi pepala la shuga mvula n'kulowamo. Zikatero amuna anga amadzuka nkhope ili ngwee, n'kuyambanso nthabwala. Vuto likakhala kudenga, ankanena kuti kachipangizo kena kasowa, abweranso mawa. Mawa lakelo silinkafika. Ndinawamvapo akunama pafoni, munthu amene kale sankatha ngakhale kunamiza mwana kuti jakisoni sapweteka. Zinkandipweteka, komabe ndinkathokoza Mulungu. Ndi mmene ndilili, ndiweruzeni.

Ndiye kunabwera foni ya anamwino. Awa ndi amayi achikulire amene anapuma ntchito kuchipatala, ndipo ndi amene anandithandiza pobereka mwana wathu woyamba, atabwera chamiyendo. Miyendo yawo inatupa, sayendanso kutali, ndiye TV ndiye mnzawo wocheza naye. Anthu otere sungawauze kuti mawa.

Nyumba yawo ndi yosanja. Tikulowa pageti ndinayang'ana kumwamba. Eliyo inali pakona penipeni pa denga, ndipo chapafupi pake pankadutsa mawaya anayi a magetsi opita ku nyumba zakumbuyo. Amuna anga sanakweze mutu n'komwe. Anaimika njinga n'kulowa.

"Mwabwera ana anga," anatero anamwino ali pampando wawo, miyendo ili pa kasitulu. "Taonani zimene ikuchitazi. Munthu akuyankhula bwinobwino, kenako nkhope yasweka timabokosi, mawu ngati akutsamwa. Ndaizimitsa, ndaiyatsa, ndaimenya. Palibe."

"Kumenya ndiye kwachuluka, amayi," anatero amuna anga. "Imeneyi si mwana wa sukulu."

Anagwada kuseri kwa TV n'kundipatsa rimoti. Ndinatsegula pamene pamaoneka mizere iwiri. Wapamwamba umasonyeza mphamvu ya sigino, wapansi umasonyeza ngati siginoyo ikufika yoyera. Wapansiwo ndiye mwini nkhani, ndipo ukatsika pa 60 chithunzi chimayamba kusweka. Tsiku limenelo wapamwamba unali pa 80, wapansi ukudumphadumpha pakati pa 20 ndi 30.

Anasintha adaputala. Palibe. Anadula kamutu ka chingwe n'kuika katsopano. Palibe. Anatulutsa dekoda yawo ya m'chikwama n'kuilumikiza, nayonso inasweka chimodzimodzi. Anatsata chingwe mpaka pabowo, n'kubwereranso nacho, n'kuchitsatanso. Kenako anandilanda rimoti n'kulamula dekoda kuti isakenso matchanelo, kawiri konse, chinthu chimene iwo omwe amati ndi ntchito ya munthu wosowa chochita. Malaya anali atanyowa kumsana, chonsecho m'nyumbamo munali mozizira.

Potsiriza anakhala pansi pa simenti n'kupukuta manja pa thalauza.

"Lili kudenga," anatero chapansipansi.

Ndinawatsatira panja. Ankamasula zingwe za makwerero, koma mfundo imodzi inkawakanika.

"Bambo, tiyeni tizipita," ndinatero. "Mwaona mawaya aja?"

"Ndawaona tili kumsewu."

"Ndiye mukufuna chiyani? Auzeni kuti kachipangizo kasowa."

"Amayi amenewa ndiwanamize? Mwana wathu uja akupuma chifukwa cha manja awo."

"Ine ndaika kale m'manda munthu mmodzi chifukwa cha TV. Wachiwiri ayi."

Anatsamiritsa makwerero kukhoma, n'kundiuza kuti ndikakhale pawindo ndizikuwa manambala. Anaponda sitepe yoyamba n'kuima. Anaponda yachiwiri n'kuimanso. Sindinathe kupirira, ndinalowa.

TV ya anamwino ili pabalaza la pansi, ndiye denga sindinkaliona. Koma dzuwa linali litapendeka, moti pakhoma la mpanda pankaoneka zithunzithunzi: mizere inayi ya mawaya, eliyo ndi minga zake, ndipo patapita nthawi yaitali, munthu akukwawa. Munthu amene kale ankayenda pamalata manja ali m'thumba.

"Kamutu kakuno kadyeka dzimbiri," anakuwa ali kumwambako. "Ndikusintha."

Chithunzi cha pa TV chinachoka chonse. Ndinkadziwa kuti amasula chingwe. Komabe ndinayang'ana babu la pakhonde lamkati, limene anamwino amalisiya choyaka usana wonse. Linali likuyaka. Ndinaliyang'anitsitsa mpaka maso kuwawa.

Chithunzi chinabwerera.

"Pa 45," ndinakuwa.

"Eliyo yasokonekeranso kolozera. Mphepo inaikhotetsa. Nditembenuza pang'onopang'ono, muzinena."

Chithunzithunzi cha eliyo chinayamba kuyenda pakhoma paja. Ndinkapempha kuti chipite kumanzere, kotalikira mawaya. Chinapitadi kumanzere, nambala n'kutsika kufika pa 38. Ndinanena zoona. Chinaima, kenako chinayamba kubwerera kumanja.

"47."

"Nanga apa?"

"50."

Mphepo inawomba, makatani n'kundimenya kumaso. Pakhoma paja mawaya ankagwedezeka, ndipo nsonga ya eliyo inali itatsala pang'ono kulowa pa mzere woyamba. Ndikudziwa kuti chithunzithunzi chimanama, mwina pakati pake panali mpata woti munthu n'kugona. Koma nthawi imeneyo nzeru zimenezo ndinalibe. Ndinkangoona kuti nambala ikukwera pamene eliyo ikuyandikira mawaya, ndipo kuti ifike pa 70 pamene amuna anga amafuna, ayenera kuipititsabe komweko. Ndinkaopa kwambiri moti rimoti inkaterera m'manja.

"Bwanji mwangoti zii? Ili pati?"

Inali pa 52.

"80," ndinakuwa. "Yakwana. Mangani mutsike."

Anamwino anatembenuka n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi awo. Kenako anayang'ana TV, n'kuyang'ana khoma la mpanda lija. Kumwamba ndinamva sipanala ikugogoda paipi. Ndinatseka mizere ija msangamsanga kuti pangotsala chithunzi.

Kutsika kunatenga nthawi kuposa kukwera. Ndinkamva sitepe iliyonse ikulira. Atalowa, mawondo a thalauza anali ofiira ndi dzimbiri la malata, milomo itayera. Anaima pakati pa balaza n'kuyang'ana TV. Pankaoneka mayi wina akuphunzitsa kusoka. Anasoka bwinobwino kwa kamphindi, ine n'kuyamba kupuma. Kenako dzanja lake linaima m'malere, nkhope n'kusweka timabokosi.

"Ine ndikuona bwino tsopano," anafulumira kunena anamwino. "Poyerekeza ndi m'mawa, iyi ndi sinema. Khalani pansi mwana wanga, mumwe madzi."

Amuna anga sanakhale. Sanapemphenso rimoti.

"Imeneyi sinafike ndi pa 60 pomwe," anatero akundiyang'ana. "Mwandinamiza, amayi."

"Eya, ndakunamizani," ndinatero. "Ndipo mukakwerenso ndikunamizaninso."

Ndinali nditakonzeka kuti akalipe. Ndinkafuna akalipe, tikanganirane pomwepo pamaso pa anamwino, andinene kuti ndawachititsa manyazi pa ntchito yawo. Mkwiyo wawo ndimaudziwa, sundiopsa. Koma anangoyang'ana manja awo.

"Ndinadziwa ndili konko," anatero. "Nyumba zonse za mzere uno ma eliyo ake ndinaika ndine, ndikudziwa kumene amaloza. Inali isanafike. Mutanena 80 ndinadziwa kuti si zoona. Koma ndinamanga n'kutsika."

Pa TV mayi uja anayambanso kusoka, n'kuimanso.

Amuna anga anawerama n'kuyamba kutolera zida, pulayala, tepi, timitu tachitsulo, chilichonse m'thumba lake mwadongosolo ngati masiku onse. Atatseka chikwama anapita pafupi ndi mpando wa anamwino n'kunjuta, chipewa chili m'manja.

"Amayi, mundikhululukire. Mawa ndikutumizirani mmisiri wina adzamalize. Ndimuuza abwere kusanayambe mphepo, ndiponso asamale ndi pakona paja. Ine ndafika pamenepa."

"Pa nyumba ino, kapena?" anafunsa anamwino.

"Ayi amayi," anatero. "Paliponse."

Miyezi isanu ndi itatu ndinkagona ndi kudzuka ndikupempha kuti ndimve mawu amenewo. Nditawamva, ndinakhala pansi pa simenti ya eni ake n'kuyamba kulira, ndipo anamwino anaganiza kuti ndi chisangalalo.