Bwana Khonde wa mu Khonsolo

Mdzukulu wanga woyamba ndinamulera ndekha, amake ali kalikiliki kugulitsa zipatso, sopo ndi zolembera pageti la yunivesite. Chuma sindinamupatse, koma chibale ndinamuphunzitsa. Asanadziwe n'komwe kumanga zingwe za nsapato, ankatha kukuuzani kuti mlonda wa pageti ndi mlamu wa amalume ake, ndipo mayi wosesa mu laibulale ndi msuweni wa malemu amuna anga.

Atakula analowa yunivesite yomweyo, anzake n'kumusankha kuti aziwaimira mu Khonsolo, bungwe la akuluakulu lomwe limagamula zonse za pasukulupo. Ndinamugulira jekete. Ndinalengeza mumsewu wathu wonse, ngakhale agonthi anamva.

Koma kumeneko kuli lamulo. Nkhani ikakhudza m'bale wako, umanena poyera n'kutuluka, anzako akambirane iwe kulibe. Ena amawerenga mkazi ndi ana basi. Wangayu ankawerenga momwe ndinamuphunzitsira. Nkhani ya alonda, watuluka. Ya osesa, watuluka. Ya basi ya sukulu, watulukanso, poti dalaivala anakwatira mwana wa mng'ono wanga. Jekete lija linathera pabenchi ya pakhonde, pansi pa chozimitsira moto, moti ogwira ntchito anamutcha Bwana Khonde.

Kenako inabwera nkhani yoti ogulitsa onse apageti achotsedwe, akuti akuipitsa nkhope ya sukulu. Amake anasiya kudya. Tebulo lawo lija ndilo limadyetsa nyumba yonse.

Ndinamuitana mdzukulu wangayo. "Iwe, mawa ukakhale pampando mpaka umere mizu. Ukawaikire kumbuyo amako."

"Agogo, lamulo silola."

"Lamulolo linakuyamwitsa?"

"Ndikabisa adziwabe. Andichotsa ine, awachotsanso amayi."

"Ndiye jekete ndinagulira benchi?"

Anangoweramitsa mutu. Ndinamuuza kuti akatuluka m'chipindamo, kwanga asadzapondeko.

Zam'katimo ndinazimva kwa mayi wopereka tiyi, amenenso ndi wathu. Akuti wapampando atangotchula nkhaniyo, mnyamata anaimirira. "Bwana wapampando, mayi anga ondibereka amagulitsa pamenepo." N'kuyamba ulendo wake wa nthawi zonse.

Pulofesa wina wadazi, wokonda nthabwala, anaphulika nako kuseka. "Mwana iwe, tikamawerenga abale ngati iwe, muno mutsala mipando yokhayokha! Inenso mlamu wanga amagulitsa mayunitsi a foni pagetipo, ndiye ndithawe?"

Loya wa Khonsolo anadzutsa mutu. "Apulofesa, mwanena nokha ndipo tonse tamva. Khomo ndi ilo."

"Ndimangocheza!"

"Mlamuyo alipo kapena palibe?"

Apulofesa ananyamuka atatupa ngati finye. Atafika pakhomo anatembenuka n'kuloza mayi wina wa mu Khonsolo momwemo. "Nanga awa akhaliranji? Wosoka nsapato uja si mlongo wawo?"

Mayiwo sanafune kufa okha. Anakumbutsa abusa, omwe amaimira anthu wamba mu Khonsolomo, kuti wojambula zithunzi pansi pa mtengo ndi mwana wa achemwali awo. Abusa ananyamula chipewa, koma asanatuluke anafunsa msungichuma mwaulemu kwambiri ngati akumudziwa mayi wogulitsa nthochi uja, amene kamwana kake kali ndi mphuno yofanana ndi ya msungichumayo. Msungichuma sanatsutse. Anangotola magalasi n'kutuluka.

Benchi inadzaza. Mdzukulu wanga, poti ndi mwana woleredwa, anaimirira kupatsa akulu malo, n'kuwachenjeza mbali yomwe ili ndi msomali.

M'katimo munatsala anthu ochepa, osakwana chiwerengero chomwe malamulo awo amafuna kuti chigamulo chimangidwe. Wapampando anayang'ana loya, loya anayang'ana kudenga. Nkhani anaiimika kuti idzakambidwe pamsonkhano wina. Pamsonkhano winawo anthu anali omwewo, abale awonso omwewo, ndipo akuti wapampando anangoilumpha ngati chithaphwi.

Tsiku la msonkhano woyamba uja mnyamata anafika kwanga akuzengereza pachipata. Ndinamufunsa ngati anatuluka. Anati eya, anatuluka.

"Wekha?"

"Ayi agogo, ndi gulu."

Ndinamutsegulira. Mwana wanga, mayi wa mnyamatayo, akugulitsabe pamalo pake, ndipo wawonjezera tebulo lachiwiri. Msungichuma yekha ndiye masiku ano amadzera geti lakumbuyo, chifukwa nkhani ya mphuno inafika kwa akazi awo tiyi asanazizire.